Riesling m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi: kuzizira pakokha si msika

Wogeni aliyense amene waonapo mtengo wa botolo la vinyo woyera m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe amayamba kuwerengera mumtima. Akamvanso kuti mphesa za Riesling, zomwe vinyo wake amanunkhira ngati maluwa, zimakonda malo ozizira, maganizo amathamangira kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene mu June ndi July munthu sagona wopanda bulangete. Koma amene akufuna kuikako mpamba wake ayambe wadekha kaye.

Kwawo kwa Riesling ndi ku Germany, m'zigwa za mitsinje ya Rhine ndi Mosel, ndipo dzina lake likupezeka m'zolembedwa za chaka cha 1435. Kumeneko mpesa umayoyola masamba n'kugona nyengo yonse yachisanu, kenaka zipatso zimapsa pang'onopang'ono mpaka kukolola cha mu October. Kupsa kosafulumirako ndi kumene kumasunga fungo ndi kuwawasa komwe ogula amalipirira. Ku South Africa amalima mtunduwu m'madera ozizira ngati Elgin, koma kumeneko mvula yambiri imagwa m'miyezi yozizira, ndipo mphesa zimapsa kunja kuli kouma.

Kuno zinthu n'zosemphana. Kuzizira kwa ku Ntchisi kumabwera m'chilimwe, pomwe mvula imagwa kuyambira November mpaka April, nthawi yotentha imene mpesa umaphuka ndi kubereka. Phava la Riesling ndi lothinana, choncho madzi akalowa pakati zipatso zimaola msanga. Mlimi wa tomato amene anaonapo chiwawu chikupsereza dimba lonse m'dzinja akudziwa ndalama zimene zimapita ku mankhwala opopera.

Vuto lalikulu koposa ndi wogula. Riesling si mphesa zodyera. Zipatso zake n'zazing'ono, zanthangala, ndipo palibe angaziunjike pabenchi ku Mponela, ku Madisi kapena pa Chezi n'kupeza kasitomala. Wogula wake ndi fakitale ya vinyo basi. Ngakhale Linga, kampani ya ku Lilongwe yodziwika ndi vinyo wa kuno, imadalira zipatso monga jambula, magwafa, mapichesi ndi chidede. Kuwonjezera apo, mpesa umatenga zaka pafupifupi zitatu usanayambe kubereka bwino, ndipo umafuna mizati, mawaya ndi madzi othirira. Mpamba wa geni, womwe umafunika uzizungulira sabata ndi sabata, sungagone m'munda zaka zitatuzo. Wofuna kufulula yekha akumbukirenso kuti chakumwa chogulitsa m'mabotolo chimafuna chiphaso cha Malawi Bureau of Standards ndi laisensi ya mowa ya kukhonsolo.

Izi sizikutanthauza kuti mphesa n'zosatheka m'chigawo chino cha Africa. Alimi a ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, amakolola kawiri pachaka. Chimawathandiza ndi kuuma kwa dera lawo, kadulidwe ka nthambi kogwirizana ndi nyengo, komanso mafakitale ogula amene ali pafupi. Phunziro lake ndi lakuti mpesa udulidwe mvula ikangotha kuti zipatso zipse m'chilimwe.

Choncho wamalonda amene mtima wake uli pa mphesa ayambe ndi mitundu yodyera, yomwe masitolo amaitanitsa kuchokera ku South Africa ndipo ili kale ndi ogula m'tauni. Abzale mitengo yochepa pafupi ndi madzi, afunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, ndipo alembe ndalama iliyonse yomwe yalowa. Mpamba wotsalawo upitirire kuzungulira pa mbatatesi, anyezi, tomato ndi zipatso zimene anthu amagula tsiku ndi tsiku.

Asanakumbe dzenje loyamba, adziwe dzina la wogula ndi mtengo wake pa kilogalamu. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.