ZA ZIWETO ZATHU: Kusintha insulini wa mphaka wodwala shuga

Matenda a shuga sagwira anthu okha. Amphaka, amene ena amati acona, nawonso amadwala nthendayi, makamaka onenepa kwambiri, okalamba, ndiponso amphongo ofulidwa. Mphaka wodwala amamwa madzi ambiri, amakodza pafupipafupi, ndipo amaonda ngakhale kuti akudya bwino. Cifukwa cake ncakuti insulini, amene amapangidwa ndi kapamba kuti alowetse shuga wa m'magazi m'minofu, wacepa kapena sakugwira bwino nchito. Motero dokotala wa ziweto amalamula kuti mphakayo azilasidwa nyeleti ya insulini m'mawa ndi madzulo, motalikirana maola 12.

Nthawi zina pamafunika kusintha mtundu wa insulini. Mwina amene mphaka anazolowera wasowa m'masitolo a mankhwala, kapena wakwera mtengo, kapenanso mphamvu yake ikutha msanga nthawi ya nyeleti yaciwiri isanakwane. Masiku a kusinthaku ndi oopsa kwa mphaka, pakuti nkwapafupi kuganiza kuti insulini yense ndi mmodzimodzi, ndi kuti mayuniti amene anali kuperekedwa kale ndiwo ayenera kupitirizidwa.

Kuyambira mu 1921, pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini ku Toronto m'dziko la Canada, akatswiri akonza mitundu yambiri, ndipo imasiyana pa utali wa nthawi imene imagwira nchito m'thupi. Itatu mwa iyo ndiyo imaperekedwa kawirikawiri kwa amphaka. Caninsulin, amene ku America amati Vetsulin, amacokera ku nkhumba. Amathandiza bwino agalu, pakuti insulini wa nkhumba ndi wa galu ngofanana ndendende, koma mwa amphaka ambiri mphamvu yake imatha maola 12 asanakwane. ProZinc, amene anavomerezedwa kwa amphaka ku America mu 2009, amakhalitsa kuposa pamenepo. Wacitatu ndi glargine, wodziwika ndi dzina lakuti Lantus. Ameneyu anapangidwira anthu, koma madokotala a ziweto amamgwiritsa nchito kwambiri cifukwa amalowa m'magazi pang'onopang'ono.

Kaamba ka kusiyanaku, muyeso wakale sungatengedwe monga momwe ulili nkuuika pa insulini watsopano. Mphaka amene anali kulandira mayuniti 4 a Caninsulin popanda kupeza bwino angathe kukomoka ndi mayuniti 4 a glargine, pakuti nyeleti ya madzulo imapeza ya m'mawa ikali kugwira nchito. Malangizo amene bungwe la International Society of Feline Medicine linafalitsa mu 2015 amati muyeso woyambira ukhale pakati pa 0.25 ndi 0.5 ya yuniti pa kilogalamu iliyonse ya thupi la mphaka. Kwa mphaka wolemera makilogalamu 4, ndiye kuti yuniti imodzi kapena ziwiri cabe. Ncifukwa cake dokotala posintha mtundu nthawi zambiri amabwerera ku muyeso wocepa wotere, ngakhale kuti mphakayo anali pa muyeso waukulu.

Ngozi ina ili pa sirinji. Caninsulin ndi ProZinc ali ndi mayuniti 40 mu mililita imodzi, ndipo pa botolo pamalembedwa U-40. Lantus ali ndi mayuniti 100 mu mililita imodzi, ndipo amalembedwa U-100. Mtundu uliwonse uli ndi sirinji yake: ya U-40 kawirikawiri imakhala ndi cotsekera cofiira, pamene ya U-100 ili ndi ca mtundu wa lalanje. Munthu akatunga Lantus ndi sirinji yakale ya U-40 kufika pa mzere wa 2, ndiye kuti watunga mayuniti 5, kumene kuli kuwirikiza kawiri ndi theka muyeso wolamulidwa. Akatunga Caninsulin ndi sirinji ya U-100 kufika pa mzere womwewo, mphaka amalandira zosakwana yuniti imodzi. Cotero tsiku limene botolo latsopano lalowa m'nyumba, masirinji akale acotsedwe pamalo osungira mankhwala, ndipo aliyense wa m'banja amene amalasa mphakayo auzidwe.

Pambuyo pa kusintha, akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Thupi la mphaka limatenga masiku angapo kuti lizolowere muyeso watsopano, ndipo mwini amene amaonjezera nyeleti tsiku ndi tsiku poona kuti mphaka akali kumwa madzi ambiri amamuika pangozi. Muyeso suyenera kukwezedwa asanapite masiku 5 mpaka 7, ndipo ukwezedwe ndi theka la yuniti kapena yuniti imodzi, molamulidwa ndi dokotala. Kupima kamodzi kokha sikokwanira. Mphaka akacita mantha, monga pa ulendo wa ku cipatala ca ziweto, shuga wake amakwera ngakhale kuti mankhwala akugwira bwino. Njira yodalirika ndiyo kupima kadontho ka magazi a m'mphepete mwa khutu panyumba, maola awiri kapena atatu aliwonse kucokera pa nyeleti ya m'mawa kufikira ya madzulo, ndi kulemba zonse m'kabuku. Cofunika kwambiri m'kabukumo ndi nambala yotsikitsitsa ya tsikulo. Colinga ncakuti shuga azikhala pakati pa 5 ndi 14 mmol/L. Akatsika pansi pa 4, dokotala auzidwe nyeleti yotsatira isanalasidwe.

Madokotala amasankha kuyamba ndi muyeso wocepa cifukwa zoopsa ziwirizi sizilingana. Shuga wokwera amaononga thupi m'kupita kwa masabata, ndipo pamakhala mpata wokonza. Shuga wotsika kwambiri angathe kupha mphaka m'maola ocepa. Zizindikiro zake ndi kufooka, kudzandira, kunjenjemera, kuyang'ana mosazindikira ndi kugwa ngati wakhunyu. Zikaoneka, mphaka amene angathe kudya apatsidwe cakudya nthawi yomweyo. Amene sangathe apakidwe uci kapena shuga wosungunula m'madzi pa usinini, osamthira madzi kukhosi, ndipo athamangitsiridwe kwa dokotala. Mphaka amene akukana cakudya kapena akusanza asalasidwe muyeso wonse dokotala asanafunsidwe.

Cakudya naco cimasintha muyeso wofunika. Mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo mkute wa nsima, mpunga ndi buledi zimakweza shuga wake. Akacotsedwa pa zakudya zotere nkuikidwa pa cakudya ca amphaka cokhala ndi nyama yambiri, amafuna insulini wocepa kuposa kale. Ngati cakudya ndi insulini zasinthidwa pa tsiku limodzi, palibe angadziwe cimene catsitsa shuga, motero ndi bwino kusintha cimodzi, kudikira, kenaka cinzake. Amphaka ena amene athandizidwa msanga amafika posafunanso nyeleti kwa miyezi kapena zaka, cifukwa kapamba amayambanso kugwira nchito. Mwini amene sapima shuga sangazindikire zimenezi, ndipo amapitiriza kulasa mphaka amene sakufunanso mankhwala.

Kasungidwe ka botolo nako kasaiwalidwe. Insulini amasungidwa mu firiji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akauma ngati aisi amaonongeka. Caninsulin amakhuchumulidwa mpaka aoneke ngati mkaka, ProZinc amagubuduzidwa mofatsa m'manja, pamene Lantus ndi woyera ngati madzi ndipo sasakanizidwa ndi ciliconse. Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi mu damu la Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Pa nthawi zotere botolo lokulungidwa mu pulasitiki lingaikidwe mu mtsuko wadothi wa madzi ozizira pamthunzi. Insulini woonongeka ndi kutentha amacepa mphamvu, mwini nkukweza muyeso, ndipo botolo latsopano likabwera muyeso womwewo umakhala woopsa.

Mwini mphaka popita kwa dokotala wa ziweto atenge botolo lakale, botolo latsopano, sirinji imene akugwiritsa nchito ndi kabuku kake. Asanacoke, atunge muyeso watsopanowo dokotala akuona, ndipo alembetse tsiku lobweranso.