Chilonda cha M'mutu Nachonso Chimafuna Chithandizo

Abale anga ogwira ntchito m'nyumba za mabwana ndi m'mapulazi a ku Bindura, Shamva ndi Mazowe, lero ndikufuna tikambirane za tulo. Pa maulendo anga ofufuza za moyo wa anthu apantchito, ndamva dandaulo limodzi kuchokera kwa anthu osadziwana: thupi limagona, koma mtima ukadali pamalo a ngozi. Ena anataya abale pamene mgodi wa Ran Mine unagumuka mu Novembala 2020 n'kukwirira okumba golide. Ena anathamangitsidwa m'makomboni panthawi yolanda mapulazi kuyambira m'chaka cha 2000. Aliponso amayi a ntchito zapakhomo amene anagwiriridwa ndi eni nyumba, ndipo mpaka lero akamva chitseko chikutseguka usiku amanjenjemera.

Madokotala amatchula vutoli kuti PTSD. Munthu amalota zoopsa mobwerezabwereza, amadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, amapewa malo okumbutsa ngoziyo, ndipo sachedwa kupsa mtima. Ameneyo sanalodzedwe ndipo si waulesi. Ali ndi chilonda, ndipo chilondacho chimatha kupola.

Imodzi mwa njira zochizira imatchedwa EMDR. Anaiyambitsa ndi Francine Shapiro wa ku America mu 1987, atazindikira kuti maganizo owawa ankachepa mphamvu pamene maso ake ankayenda uku ndi uku. Mu 2013 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaiika m'gulu la njira zoyenera kuthandizira anthu odwala PTSD.

Mlangizi wophunzitsidwa amayamba wamva mbiri yanu ndi kukuphunzitsani kukhazika mtima pansi. Kenako mumakumbukira chochitikacho kwa kanthawi kochepa, maso anu akutsatira zala zake kumanja ndi kumanzere, mukatero mumapuma n'kunena zimene zabwera m'maganizo. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ubongo ukatanganidwa ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi, chithunzi choopsacho chimazilala. Ena amatsutsa, amati chochiritsa chenicheni n'kukumana ndi chikumbutsocho pamalo otetezeka, osati masowo. Zimene zinachitika simuziiwala, koma zimasanduka nkhani yakale imene sikulandaninso tulo.

Chimene ndikuikondera njirayi n'chakuti siikakamiza munthu kulongosola chilichonse mwatsatanetsatane. Kwa mayi amene sangathe kutchula pakamwa zimene anachitidwa, kapena bambo wopanda chitupa amene amaopa kuti mawu ake akafika kwa abwana, zimenezi n'zamtengo wapatali.

Komabe ndikuchenjezeni. Musayese njirayi panokha potsatira makanema a pafoni, chifukwa kutsegula chilonda popanda wochimanga kumawonjezera ululu. Aliyense wofuna kukuthandizani mumufunse kumene anaphunzira ntchitoyi, ndipo wolonjeza kukuchizani tsiku limodzi mutamupatsa ndalama mumuthawe.

Vuto lalikulu n'lakuti akatswiri a zamaganizo ndi ochepa m'Zimbabwe, ambiri ali ku Harare, ndipo mtengo wawo wantchito wa papulazi sangaukwanitse. Choncho yambirani pafupi. Pitani ku kiliniki kapena ku chipatala chachikulu cha Bindura, ndipo mukanene poyera kuti simugona chifukwa cha zimene munaona, osangoti mutu ukuwawa. Funsaninso za Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, pamene agogo ophunzitsidwa amamvetsera kwaulere anthu ovutika ndi chimene anzathu Achishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso. Agogowa sachita EMDR, koma amapepuza mtima ndipo amatumiza kwa akatswiri amene vuto lake lakula. Amayi ochitidwa nkhanza angathe kupita ku bungwe la Musasa.

Chithandizo sichilowa m'malo mwa chilungamo. Palibe phindu kuchiza mayi n'kumubwezera m'nyumba ya amene anamulakwira, kapena kuchiza mnyamata n'kumulowetsanso m'mgodi wopanda mizati. Ndiye chifukwa chake nkhaniyi ndi ya mabungwe athu a antchito, monga GAPWUZ ya m'mapulazi ndi ZDAWU ya ogwira ntchito zapakhomo. Wothyoka mwendo pantchito amaloledwa kupita kuchipatala, nanga wovulala m'maganizo alekerenji? Tiyeni tipemphe kuti pokambirana ndi olemba ntchito pakhale mfundo yakuti wopita kukaonana ndi mlangizi asadulidwe malipiro, komanso kuti anamwino a m'chigawo cha Mashonaland Central aphunzitsidwe njira zochizira PTSD, kuphatikizapo EMDR.

Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wotsatira wa nthambi yanu, imirirani ndi kupempha kuti nkhaniyi ilembedwe pa mndandanda wa zokambirana. Ndipo ngati pali mnzanu amene amakuwa kutulo, musamuseke. Mumuperekeze ku kiliniki sabata ino.