Opaleshoni ya mtima siithera pabwalo la ndege

Mwezi wathawu ndinakazonda mnzanga wina wogulitsa kaunjika ku Limbe. Zaka 12 zapitazo tinamusonkhera ndalama mumsika kuti akachitidwe opaleshoni ya mtima ku India, ndipo atabwera tinakamuchingamira ku Chileka ndi nthungululu. Lero akangokwera kamtunda pang'ono, befu. Madotolo amuuza kuti valavu yomwe anamuika yatha mphamvu, tsinde la mtsempha waukulu latupa, ndipo ayenera kung'ambidwanso. Iye anangondifunsa kuti, "Achimwene, si paja tinkati ndachira?"

Apa ndi pomwe ambirife timalakwitsa. Timayesa kuti wodwala akatsika ndege nkhani yatha, chonsecho kwa ena opaleshoni yachiwiri imakhala ikudikira kutsogolo.

Tsinde lomwe ndikunenali ndi pomwe mtsempha wa aorta umatulukira mumtima. Pamenepo pali valavu yoletsa magazi kubwerera, komanso mpomwe pamayambira mitsempha iwiri yodyetsa mtima weniweniwo. M'chaka cha 1968 ku London, Hugh Bentall ndi Antony De Bono analongosola njira yochotsa tsinde lonse, kuikapo paipi yokhala ndi valavu yake, nkulumikizanso mitsempha iwiri ija. Njirayi ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Kubwererapo kachiwiri nkovuta kuposa koyamba. Chilonda chikamapola mkati, minofu imamatirirana, ndipo mtima kapena mtsempha umatha kukakamira kuseri kwa fupa la pachifuwa. Dotolo akamadulanso fupalo akhoza kuboola mtsempha, magazi nkutayika ambiri pakanthawi kochepa. Nchifukwa chake amayamba ajambula ndi makina a CT, ndipo nthawi zina amalumikiziratu wodwala ku makina opopa magazi kudzera m'mtsempha wa m'mphechepeche asanatsegule chifuwa. Mitsempha iwiri ija nayo amayenera kuimasula m'zipsera nkuisokanso. Ntchito imatalika, ndipo wodwala akhoza kufa ziwalo, impso kuonongeka, kapena kufunika kabatire kothandiza mtima kugunda. Ena satulukamo amoyo.

Komatu sindikuopseza munthu. Kuzipatala zomwe zinazolowera ntchitoyi, ambiri amene achitidwa opaleshoni yachiwiri pa nthawi yokonzekera amachira nkubwerera ku ntchito zawo. Omwe amakhala pangozi yaikulu ndi obwera mochedwa, mtima utafooka kale, kapena majeremusi atalowa pavalavu nkuchita mafinya patsinde. Kusiyana kwake ndi nthawi, ndipo ife nthawi timaitaya pofunafuna ndalama, pasipoti ndi mapepala omwe anasowa kalekale.

Tsono akulu anati safunsa anadya phula. Musanasaine chikalata cha opaleshoni yoyamba, funsani valavu yomwe akuikeni. Yopangidwa kuchokera ku nkhumba kapena ng'ombe imatha pakapita zaka 10 mpaka 20, ndipo mwa achinyamata imatha msanga kuposa apo. Yachitsulo imakhalitsa, koma imafuna mankhwala a warfarin moyo wonse ndi kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndiponso mankhwalawa akhoza kuvulaza mwana m'mimba. Mtsikana wa pasukulu amene akufuna kudzabereka ayenera kuuzidwa zonsezi poyera, osati kungouza amalume ake pakhonde.

Mukabwerako, sungani lipoti la opaleshoni ngati mmene mumasungira buku la kubanki, chifukwa dotolo wachiwiri adzafuna kudziwa zomwe woyamba anaika. Kajambulitseni mtima chaka ndi chaka ngakhale mukumva bwino. Samalani mano, poti majeremusi a m'kamwa amatha kukafika pavalavu. Thupi likatentha masiku angapo malungo osapezeka, musamangogula mapiritsi pagolosale. Uzani achipatala kuti muli ndi valavu yochita kuika.

Ku Unduna wa Zaumoyo pempho langa ndi ili: aliyense wochitidwa opaleshoni ya mtima kunja, kaya pandalama za boma kapena zosonkha, alembedwe m'kaundula, azitsatiridwa, ndipo warfarin ndi zoyezera magazi zizipezeka m'zipatala za m'maboma. Tisaiwalenso kuti mavalavu a achinyamata ambiri kuno amaonongeka ndi nthenda yoyamba ndi zilonda za pakhosi zomwe sizinachizidwe, pomwe penisilini ndi wotchipa kutalitali poyerekeza ndi tikiti ya ndege.

Mnzanga uja tayambanso kumusonkhera. Mbale ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa malonda savuta pang'ono masiku ano, ndipo ena akufunsa kuti, "Si yemwe uja tinathandiza kale?" Inde ndi yemweyo. Tikadadziwa, tikadayamba kusunga kangachepe tsiku lomwe tinamulandira ku Chileka lija.