Tisawakanize Ulendo wa Panjinga, Tiwasankhire Mwezi



Anyamata a Fomu 3 apempha kuti patchuthi apalase njinga kuchoka ku Mangochi kukafika ku Salima, n'kumagona m'matenti m'njira. Pempholi lili m'manja mwa komiti, koma makolo ena ayankhiratu kuti ayi. Akuopa mvula, malungo komanso kuti ana akasiya swala. Manthawa ndi omveka. Komabe ife tikuti ulendowu uloledwe, bola tiusankhire mwezi woyenera.

Maulendo otere si achilendo m'dziko muno. Mu 2003 unayambika ulendo wotchedwa Tour d'Afrique, wa gulu la anthu opalasa njinga kuchoka ku Cairo mpaka ku Cape Town, mtunda woposa makilomita 10,000, pafupifupi miyezi inayi. Akalowa m'Malawi pa Songwe amadutsa ku Karonga, n'kukwera chitunda cha Chiweta, kenako Mzuzu ndi Lilongwe. Masiku ambiri amagona m'matenti. Kuno amafika chakumapeto kwa dzinja, mvula isanathetu, koma iwo amakhala ndi magalimoto onyamula katundu ndi chakudya. Ana athu alibe zimenezo, ndiye chowateteza chachikulu ndi kudziwa nyengo.

Tchuthi cha Disembala sichoyenera: mvula imakhala itayamba, mitsinje imadzaza mwadzidzidzi, udzudzu umachuluka. Cha mu Epulo nachonso pansi pamakhala pasanaume. Chotsala ndi tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti, pomwe mvula kulibe ndipo kutentha kwa Okutobala kusanafike. Chovuta cha mweziwu ndi mwera. Mphepoyi imachokera kummwera, choncho popita ku Salima idzawakankha kumsana, koma pobwerera adzalimbana nayo maso ndi maso. Masiku obwerera akhale ochulukirapo kuposa opita, ndipo aliyense atenge bulangete, chifukwa m'bandakucha kumazizira.

Pogona napo pafunika nzeru. Asamange tenti m'mphepete mwenimweni mwa madzi, chifukwa usiku mvuu zimatuluka kukadya ndipo ng'ona sizisowa. Malo abwino ndi pabwalo la mzikiti kapena la sukulu, atapempha eni ake masiku akadalipo. Afike dzuwa lisanalowe, khomo la tenti lifulatire mphepo, zikhomo zikhomedwe zolimba, ndipo aliyense agone m'neti ngakhale kunja kuli kouma. Moto wophikira auzimitse asanagone, poti mu Ogasiti udzu wouma sumachedwa kuyaka.

Nanga swala? Apa m'pamene ife aphunzitsi tikuufunira ulendowu. M'kalasi timawaphunzitsa kuti wapaulendo amafupikitsa Dhuhr, Asr ndi Isha kuchoka pa rakaa zinayi kufika pa ziwiri, kuti atha kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, kapena Maghrib ndi Isha, komanso kuti madzi akasowa pali tayammamu. Amalemba zonsezi pamayeso n'kukhoza, koma ambiri sanazichitepo. Mnyamata amene wadzuka kukuzizira, wachita wudhu ndi madzi a m'botolo, wapeza yekha kibla n'kuimirira pa Fajr ndi anzake, sadzaiwala phunzirolo. Adzaphunziranso kusankha amir wa ulendo ndi kumumvera, ndiponso kudikira mnzake amene tcheni chaduka.

Ena akuti zonse n'za Allah, ana angopita. Enanso akuti poti mawa sitilidziwa, akhale pakhomo. Kutsamira mwa Allah kumene tinaphunzira kumayamba ndi kukonzekera: mabuleki okonzedwa, pampu ndi zigamba m'chikwama, aphunzitsi awiri paulendo, chilolezo cholembedwa cha kholo lililonse. Zotsalazo timazisiya m'manja Mwake.

Akuluakulu a komiti, tikupempha kuti mukakhala pansi muvomereze Ogasiti, mukane Disembala. Inu anyamata, yambani lero kukonza njinga zanu. Insha Allah, mudzatifotokozera za mwera mukadzabwera.