Magalasi Akuda pa Galimoto

Munthu amene aima pamsewu wa Makata madzulo, antchito a m'mafakitale akuŵeruka kukwera ku Ndirande, amaona galimoto zambiri zimene mkati mwake simuoneka kanthu. Zina zimafika ndi magalasi akuda kumbuyo kuchokera ku Japan, koma zambiri eni ake amachita kumata pepala lakuda konkuno, kufikira pa galasi la woyendetsa lomwe. Eni ake amati amathaŵa dzuŵa la mwezi wa Okutobala ndiponso maso a mbala. Zifukwa zimenezi ndi zomveka, koma sizingapose moyo wa munthu.

Galasi la galimoto lili ndi ntchito ziŵiri: woyendetsa aone kunja, ndipo a kunja amuone iye. Mdima ukayamba, galasi lakuda limabisa mwana amene akudumpha msewu, wa kabaza amene alibe nyali, ndi mayi amene wasenza mtolo wake m'mphepete mwa tala. Nayenso woyenda pansi amayamba wayang'ana nkhope ya dalaivala kuti adziŵe ngati wamuona asanaponde msewu. Galasi likada, chizindikiro chimenechi chimasoŵa.

Nkhani imakula ikafika pa minibasi ndi timagalimoto ta Sienta tonyamula anthu. Mtsikana amene akukwera usiku ayenera kuona amene ali mkatimo asanaloŵe, ndipo wapolisi wa pa chipata ayenera kuona zochitika m'galimotomo.

Maiko ena anaphunzira zimenezi ndi misozi. Ku India, bwalo lalikulu la milandu linaletsa kumata mapepala pa magalasi a galimoto mu Epulo 2012. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho, mtsikana wina anachitidwa nkhanza zoopsya m'basi ya magalasi akuda imene inali kuyenda m'misewu ya Delhi, ndipo pambuyo pake anamwalira. Lamulo linalipo, koma basiyo inali kuyendabe. Ku Kenya, mu 2014, mkulu wa apolisi David Kimaiyo analamula kuti magalasi akuda achotsedwe, ndipo bwalo la milandu linagamula kuti chiletsocho chikukhudza galimoto zonyamula anthu zokha. Ku South Africa lamulo limatchula muyeso: galasi la kutsogolo lidutsitse kuŵala kosachepera magawo 70 pa 100 alionse, ndipo magalasi ena magawo 35.

Phunziro lake ndi lakuti lamulo likhale lomveka ndipo ligwire aliyense mofanana. Dziko la Malaŵi lili ndi Lamulo la Pamsewu la chaka cha 1997, lili ndi apolisi a pamsewu, ndiponso nthambi ya Boma imene imayeza galimoto isanapereke chiphaso chakuti ndi yoyenera kuyenda. Oyeza galimoto asangoyang'ana mabuleki ndi matayala okha. Magalasi nawo ayesedwe. Wapolisi asaweruze ndi maso okha, pakuti pamene palibe muyeso wodziŵika ndi pamene ziphuphu zimaloŵerapo.

Udindo waukulu uli pa atsogoleri a Chipani ndi antchito a Boma. Mutu ukakula suleŵa nkhonya. Sikuyenera kuti dalaivala wa minibasi ya ku Chilomoni kapena ku Bangwe amatulitsidwe pepala lake pamsewu, pamene bwana wa mu ofesi akudutsa pa chipata chomwecho ndi galimoto yakuda bii, osaimitsidwa. Anthu akaona zotere amaleka kulemekeza lamulo, ndipo amaleka kukhulupirira amene amawatsogolera. Mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu alibe chifukwa chobisira nkhope yake kwa anthu omwewo.

Motero apampando a nthambi ndi a madera afotokozere eni galimoto m'misonkhano yawo, ndipo ayambe iwowo kumatula mapepala akuda pa galimoto zawo, apolisi asanawakumbutse.