Cisoni Cosacoka Ndi Nthenda, Si Ucimo Ai

Pali mlandu umene tiupalamula m'midzi mwathu ndi m'mipingo mwathu, ndipo tiupalamula tiri kuyesa kuti ticita bwino. Munthu akagwa m'cisoni cacikuru cosacoka, nataya khasu, nasowa tulo, nakana nsima, nabindikira m'nyumba mwezi ndi mwezi, ife tifulumira kumweruza. Wina ati ndi ulesi. Wina ati wamlodza mbale wace, napita usiku kukaombeza ula. Koma oipitsa koposa ndife a mu Mpingo, amene timuuza kuti cikhulupiriro cace cacepa, kapena kuti abisa cimo. Ine nditi maweruzo onse atatu ali onama, ndipo lacitatulo liri la nkhanza.

Sindinena za cisoni ca pa maliro, cimene cipepuka masiku akamapita. Ndinena za nthenda imene madotolo aicha depression: cisoni cogwira munthu tsiku ndi tsiku koposa masabata awiri, cocotsa kukoma kwa zinthu zonse, kufikira mai sakondweranso ndi mwana wace. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, lidalengeza mu 2023 kuti odwala cotere anali ngati mamiliyoni 280. Kodi onsewo ndi aulesi? Kodi onsewo adalodzedwa?

Tamverani cimene anzeru adapeza m'mutu mwa munthu. Ubongo uli ndi timitsempha tating'ono ngati mabiliyoni 86, ndipo zigawo zace zitumizana mau monga midzi yolumikizana ndi njira. Mudziwa inu kuti njira yopondedwa kawiri kawiri ikula, ndi yosiyidwa imera udzu. Ciyambire 1990 madotolo adaphunzira kuona, ndi makina ochedwa MRI, zigawo zimene zigwira nchito pamodzi, osang'amba mutu konse. Mu 2001 Marcus Raichle wa ku St. Louis m'dziko la America adaonetsa kuti pali zigawo zina zimene zicangamuka pamene munthu angokhala cete, nalingalira za iye mwini ndi za kale. Mu 2007 Michael Greicius ndi anzace ku Stanford adapeza kuti mwa odwala nthendayi, zigawo zomwezo zamangika kolimba koposa ndi kambali kena ka ubongo kamene kautsa cisoni. Ndiko kunena kuti njira ya ku cisoni yasanduka mseu waukuru, ndipo maganizo onse atsikira komweko monga madzi a mvula m'ngalande. Mu 2024 Charles Lynch ndi Conor Liston ku New York adaonjeza kuti gulu la zigawo losankha cimene munthu acisamalire liri lalikuru pafupi kawiri mwa odwala ambiri, ndipo adaliona lotero ngakhale mwa ana ena asanayambe kudwala.

Taonani tsono! Mwana amene njira za m'mutu mwace zidapangika cotere asanadziwe kanthu, adacimwa ciani? Munthu wothyoka mwendo sitimuuza kuti, nyamuka, uleke kutsimphina, ukhulupirire kolimba. Timnyamula pa macira. Nanga wobvulala m'kati tiyesa bwanji kumciza ndi citonzo?

Adzati ena, makinawo sangathe kuloza munthu mmodzi ndi kunena kuti uyu adwala. Nzoona, nthendayi dotolo aizindikira pofunsa ndi pomvera, ndipo zoiutsa ziri zambiri: imfa ya wokondedwa, umphawi, nkhanza za pa banja, kubala mwana, ndi cibadwa ca ku mtundu. Koma zonsezo zipsinja thupi, monga dzuwa lipsereza cimanga, ndipo palibe cimodzi mwa izo cimene cichedwa kusakhulupirira.

Adzatinso ena, pamenepo mwacotsa pemphero. Iai ndithu. Werengani za Eliya pa 1 Mafumu 19. Mneneri amene adaitana moto pa Karimeli ndiye adagona pansi pa mtengo m'cipululu, napempha kufa. Mulungu sadamdzudzule, adamlola agone, namtumira mngelo ndi mkate ndi madzi kawiri konse, ndipo mau adadza pambuyo. Abwenzi a Yobu adacita bwino masiku asanu ndi awiri amene adakhala naye osalankhula. Adalakwa pamene adayamba kufunafuna cimo lace. Ife tifanana ndi yani?

Ndipo cotonthoza nci: njira yokumbika ikhoza kukonzeka. Mankhwala a ku cipatala athandiza ambiri, ngakhale acedwa masabata angapo asanaoneke mphamvu yace. Kulankhula ndi munthu wodziwa kumvera kuthandizanso. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, kumene anthu acha bvuto ili kufungisisa, ndiko kuganizitsa, dotolo Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo akazi kukhala pa benchi pa bwalo la cipatala ndi kukambirana ndi obvutika. Atayesa nchitoyo, adalengeza mu 2016 kuti itapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu 100 okhala pa benchi ngati 14 okha anali cidwalire, koma mwa osakhalapo anali ngati 50. Agogowo analibe makina. Anali ndi makutu ndi cipiriro, ndipo zimenezi Mpingo uli wonse uli nazo ukafuna.

Cifukwa cace ndidandaulira inu akuru a Mpingo, ndi inu amai a Cigwirizano: mbale akaleka kubwera ku mapemphero, musayambe ndi kumuika pa mwambo. Pitani mukaone ngati adya, ngati agona. Mlimireni mzere m'munda mwace. Mperekezeni ku cipatala monga muperekeza wa malungo. Akanena za kudzipha musayese nthabwala, musamsiye yekha, ndipo mumtengere kwa dotolo tsiku lomwelo. Pempherani naye, inde, koma pemphero la womnyamula, si la womweruza.

Pakuti tsiku lija sitidzafunsidwa ngati tidadziwa maina a zigawo za ubongo. Tidzafunsidwa ngati tidaceza kwa wodwala.