Mpango wa Kumutu ndi Khomo la Sukulu

Abale anga aphunzitsi, ndi inu akulu a mpingo, ndili nanu mlandu. Alipo ena mwa ife amene akali kung'ung'udza chifukwa cha pangano la m'chaka cha 2021, limene linalola ana aakazi a Chisilamu kuvala mpango wao wa kumutu, umene iwo autcha hijabu, m'sukulu za mishoni zothandizidwa ndi Boma. Ati, "Tagonja, sukulu zathu zalandidwa." Ine nditi mau amenewa sanaganiziridwe bwino, ndipo ayenera kutsutsidwa poyera.

Kumbukirani kumene nkhaniyi inachokera. M'mwezi wa November 2019, pa sukulu ya M'manga ku Balaka, ya mpingo wa Anglican, atsikana anabwezedwa pakhomo chifukwa cha mpango. Anthu anamenyana, naononga tchalitchi ndi mzikiti womwe, ndipo sukulu inatsekedwa. Chaka chotsatira, ku Mpiri m'boma la Machinga, ofesi ya mphunzitsi wamkulu inatenthedwa pa mlandu womwewo. Wotentha nyumba ya mnzake ndi wochimwa, ndipo sindimuikira kumbuyo, angakhale apemphere kuti. Koma anataya ndani? Ana, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, amene anakhala kumudzi osaona bolodi. Ndipo ife a kwa Champiti tisati za kutali, pakuti Balaka ndi Ntcheu agawana malire.

Chimene chinaziziritsa mitima ndicho kukambirana. Bungwe la Public Affairs Committee, limene linayamba mu 1992, ndipo muli Akatolika, mipingo ina ya Chikhristu ndi mabungwe a Asilamu, linakhazika pansi atsogoleri a mbali zonse ziwiri kufikira anamvana kuti mtsikana avale mpango wolingana ndi mtundu wa yunifomu ya sukuluyo. Ndiko kugonja kumene mukulira?

Mukuti, "Sukulu ndi yathu, makolo athu anaumba njerwa zake." Zoonadi anaumba. Koma malipiro a ife aphunzitsi achokera ku Boma, ndipo Boma silisankha msonkho wa Mkhristu ndi kukana wa Msilamu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 14 ndi Asilamu. Kodi ndi chilungamo kulandira ndalama ya atate, ndi kutsekera mwana wao chitseko?

Mukutinso mpango ndi mbendera ya chipembedzo china. Taonani amai athu a Mvano pa tsiku la msonkhano wao, onse maduku oyera kumutu. Taonani masisitere a Katolika. Mtumwi Paulo yemwe analembera Akorinto za akazi kufunda kumutu. Nanga chinthu chimene tichiyesa ulemu pamutu pa amai athu chisanduka bwanji choopsa pamutu pa mwana wa Standard 5?

Koma cholemera koposa ndi ichi. Pamene mishoni zinatsegula sukulu m'dziko muno, Ayao ambiri a Chisilamu anakaniza ana ao kulowamo, poopa kuti mwana akapita kukaphunzira kuwerenga adzabwera atabatizidwa, ndi dzina lachilendo, wosafunanso kulowa mumzikiti. Mantha amenewo sanali opanda maziko, pakuti masiku amenewo sukulu ndi kalasi ya ubatizo zinayendera pamodzi. Potero mibadwo inapita, ana a Akhristu nakhala makalaliki ndi aphunzitsi, anzao natsala m'mbuyo. Ndipo ife, m'malo mofunsa chifukwa chake, tinayamba kuwanyoza kuti ndi anthu osakonda sukulu. Lero kholo la Chisilamu lalimba mtima, lagwira dzanja mwana wake wamkazi, amene kale sakadatumizidwa konse, lafika naye pakhomo pathu. Tikambweza, titsimikiza mantha onse a agogo ake, ndipo mawa tidzanyozanso kuti sanaphunzire. Mwana amene wakhala benchi limodzi ndi mnzake zaka 8, nabwerekana naye pensulo, sakhulupirira msanga mabodza onena za mtundu wa mnzakeyo. Wokulira payekha ameza bodza lililonse limene amva pamsika.

Ndiponso ife Angoni a kwa Gomani tiyenera kuchita manyazi kuposa ena ponena za alendo. Makolo athu anafika kuno ndi chinenero chao ndi zovala zao, ndipo lero tilankhula chinenero cha anthu amene tinawapeza, tikwatirana nao, osafunsana.

Pangano lolembedwa ku mzinda silifika lokha m'mudzi. Chifukwa chake ndipempha mphunzitsi wamkulu aliyense, asadikire kuti mlandu ubuke: aitane komiti ya sukulu, abusa, shehe, nyakwawa ndi makolo, awawerengere panganolo m'chinenero chao, ndipo alole aliyense kufunsa chimene chimvuta, angakhale mau ake akhale owawa. Pomwepo apanganenso za mtundu wa mpango, ndi telala amene adzausoka pa mtengo umene kholo losauka lingathe kulipira, sukulu zisanatsegulidwe.